Diso limodzi likachita mdima kwa mphindi zochepa n'kuyambanso kuona: mafunso ndi mayankho

Vuto ili limanamiza chifukwa limatha lokha. Munthu amaona mdima m'diso limodzi, amadzidzimuka, koma asanaitane n'komwe wa m'nyumba, diso layambanso kuona. Ambiri kuno ku Harare amangoti ndi kutopa, BP kapena dzuwa la ku msika, nkhani n'kuthera pomwepo. M'munsimu tayankha zimene odwala ndi owasamalira amafunsa, kuyambira agogo a ku Mbare ndi Tafara mpaka adzukulu awo oyendetsa makombi.

Kodi mdima umenewu umabwera bwanji?

Umabwera mwadzidzidzi, m'diso limodzi, popanda ululu. Mayi ali pakhonde akusankha nyemba, kapena bambo akuwerenga uthenga pa foni, kenaka zili ngati wina watsitsa chinsalu chakuda kuchokera pamwamba mpaka pakati pa diso, mwina mpaka pansi. Kwa ena chinsalucho chimachokera pansi kukwera m'mwamba. Ena sanena za chinsalu, amangoti kunagwa nkhungu, kapena kuti zinthu zinazilala ngati nyali yotha mafuta. Diso silifiira, silitupa, silituluka misozi, ndipo amene muli naye akaliyang'ana saona chachilendo.

Mdimawo umakhala masekondi angapo kapena mphindi zingapo, ndipo si kawirikawiri kuti upitirire theka la ola. Madokotala amalemba pa khadi dzina lakuti amaurosis fugax. Liwu loyambalo ndi lachigiriki, lachiwirilo lachilatini, ndipo pamodzi akutanthauza mdima wosakhalitsa. Lisungeni pa foni dzinali, chifukwa ku chipatala kumene mukayankhule Chishona kapena Chingerezi limafupikitsa nkhani.

Chimatseka magazi n'chiyani, nanga chimatseguka bwanji chokha?

Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kansalu kopyapyala ka minyewa kotchedwa retina. Ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza chithunzi ku ubongo. Kamadya mpweya wa okosijeni wambiri poyerekeza ndi kuchepa kwake, moti magazi akaima masekondi ochepa chabe, kuona kumathima.

Njira ya magaziwo imadzera m'khosi. Mukaika chala mopepuka pambali pa kholingo mumva kugunda. Umenewo ndi mtsempha wa carotid, ndipo wina uli mbali inayo. Chapansi pa nsagwada mtsemphawu umagawika pawiri: nthambi ina imadyetsa nkhope, ina imalowa m'chigaza kupita ku ubongo. Nthambi yopita ku ubongoyi ikangolowa m'chigaza, mphanda yake yoyamba yaikulu imakhotera ku diso, ndipo kuchokera pamenepo kamtsempha kamodzi kamakatulukira pakati pa retina. Kukula kwake sikukwana kota ya milimita. Mbali yam'kati ya retina imadalira kameneka, ndiye kakatsekeka palibe kwina kopempha magazi.

Pamphambano ya m'khosi paja ndi pamene mafuta a kolesitero amakonda kuunjikana m'khoma la mtsempha, ngati mmene zinyalala zimaunjikanira pokhota ngalande. Chiunjikocho chikang'ambika pamwamba, tinyenyeswa ta mafuta kapena timibulu ta magazi oundana timathothoka n'kutengedwa ndi magazi. Kamodzi kakakhotera ku diso, kamakakamira pamene mtsempha wachepa. Pakapita kanthawi kamaphwanyika, kusungunuka, kapena kukankhidwira ku kanthambi ka kumapeto, magazi n'kuyambanso kuyenda. Kuona kubwerera kuja ndi kumeneku.

Chithunzi chimagwa pa retina chozondoka. N'chifukwa chake nthambi yapansi ikatsekeka chinsalu chimatsika kuchokera pamwamba, yapamwamba ikatsekeka mdima umakhala pansi.

Poti diso lachira, ndivutikirenji kupita ku chipatala?

Lachira ndi diso, gwero lidakalipo. Mtsempha umene waponya kanyenyeswa ku diso ndi womwewo umene umadyetsa mbali yaikulu ya theka la ubongo. Lero kakhotera ku diso, mawa kangapitirire molunjika ku ubongo, ndipo kumeneko dzina lake ndi sitiroko: kufa mkono ndi mwendo, kukhota pakamwa, kulephera kuyankhula. Dokotala wa ku Canada, C. Miller Fisher, ndiye anaonetsa mu 1952 kugwirizana kwa mdima wa diso limodzi ndi kuwonongeka kwa mtsempha wa m'khosi mbali yomweyo. Masiku ano madokotala amauika mdimawu m'gulu la TIA, kasitiroko kosakhalitsa kochenjeza, ndipo amausamala chimodzimodzi. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo apa diso ndiye lakutsinani khutu.

Ngoziyo imakula kwambiri m'masiku oyambirira, makamaka awiri oyamba ndi sabata yoyamba. Munthu amene wati "ndikaonana ndi adokotala ndikalandira kumapeto kwa mwezi" wadumpha nthawi yeniyeni imene mankhwala akanamuteteza. N'zoona kuti wochita mdima wa diso ali pangozi yocheperapo kusiyana ndi amene anafooka mkono kwa kanthawi, koma kucheperapo si kuti palibe. Komanso mtsempha wa m'khosi ukadzaza mafuta, kawirikawiri ya mumtima imakhala nawonso.

Dziwaninso za mbali. Diso lakumanja likachita mdima, wokayikitsa ndi mtsempha wakumanja wa m'khosi, koma sitiroko yake ikabwera imapha mkono ndi mwendo wakumanzere, pakuti mbali iliyonse ya ubongo imalamula mbali inayo ya thupi.

Ndichite chiyani mdima udakali m'diso?

Khalani pansi. Ngati muli pa chiwongolero, imani pambali pa msewu. Kenaka phimbani diso limodzi ndi chikhatho, muyang'ane chinthu chachikulu monga chitseko, musinthe muphimbe linalo. Zimenezi zimatenga masekondi khumi koma zimathandiza dokotala kuposa zambiri zimene mungamuuze. Ngati diso limodzi lili mumdima pomwe linalo likuona chitseko chonse, vuto lili m'diso kapena m'mtsempha wake. Ngati diso lililonse likuona theka la chitseko, tinene theka lakumanzere lasowa m'maso onse awiri, vuto lili mu ubongo, kawirikawiri chakunkhongo. Ambiri amalumbira kuti linali diso lakumanzere pomwe inali mbali yakumanzere ya maso onse, ndipo zimenezi zimasocheretsa kufufuza konse.

Yang'anani nthawi pa foni mdima ukangoyamba ndiponso ukatha. Kwa munthu wamantha mphindi zitatu zimakhala ngati ola.

Amene muli naye ayang'ane zinthu zitatu. Mumwetulire, aone ngati pakamwa pakhota. Mukweze mikono yonse iwiri, aone ngati umodzi ukugwa. Munene chiganizo chachifupi, amve ngati lilime likulemera. Chimodzi mwa izi chikapezeka, musadye kapena kumwa kanthu, ngakhale madzi, chifukwa kumeza kumatha kusokonekera madziwo n'kulowa m'mapapo. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Musatikite khosi. Pansi pa chala chanupo pangakhale pamene pakuthothoka tinyenyeswa tija.

Ndipite kuti, ndipo liti?

Tsiku lomwelo, ngakhale diso likuona bwinobwino, ngakhale ndi Lamlungu. Pitani ku casualty, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi, ya chipatala chachikulu: Parirenyatwa, Sally Mugabe Central imene ambiri amangoti pa Gomo, kapena Chitungwiza Central kwa okhala kumeneko. Ku Parirenyatwa kulinso chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi. Ngati kiliniki ya khonsolo ili pafupi, monga ya ku Mufakose, Glen View kapena Mabvuku, mutha kuyambira pamenepo kuti anesi akuyezeni BP ndi shuga ndi kukulemberani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, koma ulendo usathere pakiliniki.

Pofotokoza musangoti "maso akundivuta", chifukwa mawu amenewo amakuikani pa mzere wa ofuna magalasi ndi a ng'ala. Nenani kuti diso limodzi linasiya kuona mwadzidzidzi, diso liti, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ndipo aka n'kachingati. Ngati agogo amamasuka m'Chichewa chokha, apite ndi mwana amene anamva nkhani yonse, ndipo womasulirayo asafupikitse. Tengani mapiritsi onse amene mumamwa ali m'mapaketi ake, pamodzi ndi makadi akale a ku chipatala. Musapite nokha, chifukwa akakuthirani mankhwala otanula mwanadiso ndipo mudzaona mbuu kwa maola 4 mpaka 6.

Kodi chidima chilichonse ndi vuto limeneli?

Ayi. Chidima chobwera poimirira msanga chimagwira maso onse awiri, chimakhala masekondi ochepa, ndipo chimatha mukakhala pansi. Chimenecho ndi BP kutsika, mwina chifukwa mapiritsi a BP achuluka, madzi achepa m'thupi, kapena magazi achepa. Mutu waching'alang'ala umatsogoza kuwala kothwanima kokhotakhota ngati mano a macheka, kumene kumayamba pang'ono n'kumakula kwa mphindi 20 kapena 30, kumaoneka m'maso onse ngakhale mutatsinzina, kenaka mutu n'kuyamba. Wodwala shuga amene wamwa mapiritsi osadya amaona mbuu pamodzi ndi thukuta, njala ndi kunjenjemera. Ng'ala nayo sibwera n'kuchoka, imakula pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka.

Pali zina zosiyana ndi vutoli koma zofunanso chipatala tsiku lomwelo. Kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda touluka ndi chinsalu chimene sichikuchoka, zimasonyeza kuti retina ikumatuka. Diso lofiira, lopweteka kwambiri, loona utawaleza kuzungulira magetsi, mpaka munthu kusanza, ndi glaucoma yadzidzidzi, matenda a madzi a m'diso kuchuluka n'kulipanikiza. Kuthima kwa masekondi powerama kapena potsokomola, pamodzi ndi mutu waukulu wosaleka, kumasonyeza kuti madzi a m'mutu akupanikiza minyewa yoonera. Kwa munthu amene ali ndi HIV, chimenechi chikhoza kukhala matenda oumitsa khosi a cryptococcus kapena a TB.

Munthu wopitirira zaka 50 amene wayamba kumene kuona zachilendo m'maso asadzigamulire yekha kuti ndi ching'alang'ala.

Amagwidwa ndani? Ine ndili ndi zaka 32 zokha.

Ambiri ndi opitirira zaka 50 amene ali ndi BP, shuga, kolesitero wokwera, kapena osuta fodya. Kwa amenewa gwero limakhala m'khosi kawirikawiri. Gwero lachiwiri ndi mtima. Mtima ukamagunda mosokonekera, vuto lotchedwa atrial fibrillation, magazi amadikha m'kachipinda kena ka mtima n'kuundana, mibulu n'kumathothoka.

Kwa wachinyamata maso a dokotala amapita ku mtima poyamba. Kuno kwathu matenda a rheumatic akadali ofala: mwana amadwala zilonda za pakhosi zosachizidwa bwino, ndipo patapita zaka mavavu a mtima, titseko timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, amakhala atawonongeka, mwini wake osadziwa. Zina zofufuza ndi HIV, chindoko, sickle cell, magazi okhuthala kapena oundana msanga, ndi kung'ambika kwa khoma la mtsempha wa m'khosi pambuyo pa ngozi ya galimoto kapena kupotoledwa khosi. Kung'ambikaku kumabwera ndi ululu wa khosi kapena wa nkhope mbali imodzi, nthawi zina chikope n'kugwa pang'ono. Mayi amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen anene zimenezi kwa adokotala, makamaka ngati amasuta kapena amadwala ching'alang'ala, kuti amusinthire njira. Mwa achinyamata ena kamtsempha ka m'diso kamangofinyika kwa kanthawi popanda chotseka, ndipo zimenezi sizoopsa kwenikweni, koma dokotala amafika pa yankho limeneli atachotsa zina zonsezo.

Agogo akuti mutu ukuwapweteka m'litsipa ndipo nsagwada zimatopa potafuna. Zikugwirizana?

Zikugwirizana kwambiri, ndipo musagone nazo. Pali matenda otupitsa mitsempha ya m'mutu otchedwa giant cell arteritis, amene amagwira opitirira zaka 50, makamaka a zaka 70 kupita m'tsogolo. Zizindikiro zake ndi mutu watsopano wa m'litsipa, khungu la m'mutu kupweteka popesa kapena pogonera pilo, nsagwada kutopa ndi kuwawa potafuna nyama kapena maputi mpaka munthu kuima kaye, kuwawa kwa mapewa ndi m'chiuno m'mawa, kuonda ndi kutentha thupi pang'ono. Ndi ofala kwambiri mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya kusiyana ndi mwa anthu akuda, koma alipo, ndipo chifukwa choti sayembekezeka amaphonyedwa.

Apa mdima wosakhalitsa umatsogolera khungu losachizika, ndipo diso lina likafa, linalo limatha kutsatira m'masiku kapena masabata ochepa. Magazi amayezedwa ESR ndi CRP, miyezo yosonyeza kutupa m'thupi, tsiku lomwelo. Dokotala akakayikira amayamba mankhwala osadikira zotsatira zonse: prednisolone wa mamiligalamu 40 mpaka 60 pa tsiku, kapena, ngati maso akhudzidwa kale, methylprednisolone wa m'diripi kwa masiku atatu. Kachidutswa ka mtsempha wa m'litsipa kamadulidwa pambuyo pake kuti atsimikize. Mankhwalawa amakweza shuga ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Akandiyeza chiyani, nanga ndalama zikachepa ndiyambe ndi chiti?

Choyamba ndi manja ndi makutu a dokotala: BP, kugunda kwa mtima pamkono ngati kuli ndi dongosolo, kumvetsera mtima ndi khosi, ndi kuyesa mphamvu za mikono ndi miyendo. M'khosi nthawi zina mumamveka kaphokoso ka magazi odutsa popanikizika, koma kusamveka kwake sikutanthauza kuti mtsempha uli bwino.

Kenaka dokotala wa maso amasuzumira pa retina. Nthawi zambiri amapeza zonse zili bwino, poti chotseka chija chinapita, ndiye musakhumudwe kapena kuganiza kuti akuyesani onama. Nthawi zina amaona kanthu kachikasu konyezimira ngati kambenu ka galasi, katakhala ndendende pamene kamtsempha kagawika pawiri. Kameneko ndi kanyenyeswa ka kolesitero, ndipo kamatchedwa ndi dzina la Robert Hollenhorst wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America amene anakafotokoza mu 1961. Kakakhala koyera ngati choko, kawirikawiri kachokera pa vavu ya mtima.

Magazi amayezedwa kuchuluka kwake, shuga, kolesitero, impso, ndi ESR kapena CRP kwa opitirira zaka 50. ECG imaonetsa kagundidwe ka mtima, koma kusokonekera kobwera n'kuchoka imatha kukuphonya, n'chifukwa chake ena amavekedwa kamakina ka Holter kwa maola 24 kapena kupitirira. Sikani ya mtima yotchedwa echo imaonetsa mavavu. Sikani ya khosi yotchedwa carotid Doppler ilibe singano kapena ululu: amakupakani mafuta oterera pakhosi, n'kuyendetsapo kachipangizo kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo imanena kuti mtsempha wapanikizika ndi maperesenti angati. CT kapena MRI ya ubongo imaonetsa ngati kasitiroko kena kanadutsa mwakachetechete.

Masikani amafuna ndalama, ndipo mabanja ambiri amachita kusonkherana. Uzani adokotala poyera zimene muli nazo kuti asankhe nanu. Kwa wamkulu amene mdima unatheratu ndipo thupi lili bwino, zimene zimasintha chithandizo kwambiri ndi ECG, magazi ndi Doppler ya khosi. Kwa wachinyamata, ECG ndi echo. Choipa n'kuthera ndalama zonse pa magalasi atsopano khosi lisanayang'anidwe.

Kodi ndingagule aspirin ndekha ku famase?

Aspirin ndiye mankhwala oyamba kwa ambiri: mamiligalamu 300 poyambira, kenaka 75 tsiku lililonse. Ena amapatsidwa clopidogrel wa 75 m'malo mwake, ndipo ena onse awiri kwa masabata atatu kenaka n'kutsala ndi mmodzi. Koma akupatseni ndi anesi kapena adokotala atakuonani. Ngati pali kufooka kwa mkono kapena kukhota pakamwa, aspirin amadikira sikani, chifukwa sitiroko ina imabwera ndi kuphulika kwa mtsempha ndipo aspirin amawonjezera kukha magazi. Sayeneranso wa zilonda za m'mimba zokha magazi, womwa kale warfarin, kapena amene aspirin amamuyambitsa mphumu ndi zidzolo. Ndipo choopsa chachikulu cha kudzigulira n'chakuti munthu amakhazika mtima pansi, ku chipatala osapitanso.

Pamodzi ndi aspirin pamabwera mankhwala a kolesitero, kawirikawiri atorvastatin wa mamiligalamu 40 mpaka 80. Amaperekedwa ngakhale kolesitero atapezeka wabwinobwino, chifukwa amalimbitsanso chiunjiko chija kuti chisang'ambike. BP imafunika kukhala pansi pa 140/90, ndipo madokotala ambiri amafuna 130/80. Mankhwalawa si a mwezi umodzi. Ndi a moyo wonse, ndipo cholakwika chofala ndi kusiya paketi yoyamba ikatha poti "ndili bwino".

Gwero likakhala atrial fibrillation, aspirin sakwanira. Pamafunika mankhwala oletsa magazi kuundana: warfarin, amene amafuna kuyezetsa pafupipafupi INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, kuti ikhale pakati pa 2 ndi 3, kapena rivaroxaban ndi apixaban amene safuna kuyezetsa kotero koma ndi okwera mtengo. Wa vavu yachitsulo, kapena amene vavu yake inapanikizika ndi rheumatic, amakhala pa warfarin basi. Womwa warfarin asasiye ndiwo zamasamba monga rape, covo ndi nkhwani, angodya muyezo wofanana sabata ndi sabata. Asaphatikize ndi ibuprofen kapena diclofenac. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, magazi mumkodzo, kapena kamfuno wosaleka, ndi zobwerera nazo ku chipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna mimba anene msanga, chifukwa warfarin ndi atorvastatin amafunika kusinthidwa.

Ndimamwa ma ARV. Adzagwirizana ndi mankhwalawa?

Musasiye ma ARV, chifukwa kachirombo kakachuluka m'magazi kamawononganso mitsempha. Piritsi la TLD limene ambiri akumwa silivuta ndi aspirin kapena atorvastatin. Amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, sayenera kumwa simvastatin, ndipo atorvastatin amapatsidwa wochepa, apo ayi minofu imapweteka n'kuwonongeka. Warfarin ndiye wovuta: cotrimoxazole ndi fluconazole amamuwonjezera mphamvu mpaka munthu kukha magazi, pomwe rifampicin wa TB amamufooketsa, ndipo amafooketsanso rivaroxaban ndi apixaban. Khadi la ku kiliniki ya ma ARV ndi la TB lizionetsedwa kwa aliyense amene akukulemberani mankhwala.

Opaleshoni ya khosi imafunika liti?

Imatengera zimene Doppler yapeza mbali ya diso lija. Kupanikizika kukakhala pansi pa 50 peresenti, mankhwala okha ndi okwanira. Kukakhala pakati pa 70 ndi 99, opaleshoni imathandiza kwambiri. Kafukufuku wa NASCET, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anapeza kuti mwa anthu otere, 26 pa 100 alionse amene anangomwa mankhwala anachita sitiroko mbali yomweyo m'zaka ziwiri, pomwe mwa ochitidwa opaleshoni anali 9 pa 100. Pakati pa 50 ndi 69 phindu limachepa, makamaka kwa amene chizindikiro chawo chinali mdima wa diso wokha, ndiye dokotala amayang'ana zaka ndi matenda ena. Mtsempha ukatsekekeratu satsegulanso.

Opaleshoniyo, yotchedwa endarterectomy, amang'amba pambali pa khosi, kutsegula mtsempha, kupala chiunjiko chija n'kusoka. Njira ina ndi kuikamo kachubu ka waya kotanula mtsempha. Phindu lake ndi lalikulu ikachitika m'masabata awiri oyambirira, ndipo limachepa miyezi ikamapita. Ilinso ndi ngozi yakeyake ya sitiroko, choncho funsani dokotala wa opaleshoni ya mitsempha kuti amachita zingati pa chaka ndi mmene odwala ake amatulukira. Kufunsa zimenezi si mwano.

Nanga magalasi, mankhwala othira m'maso kapena achikuda?

Palibe chimene chimafika pa gwero, poti gwero lili m'khosi kapena mumtima. Woyeza magalasi wodziwa ntchito yake akamva nkhaniyi amakutumizani ku chipatala. Madzi a masamba, shuga, mkaka wa m'mawere kapena mkodzo wothira m'diso zimangobweretsa zilonda pa diso limene linali lopanda chilema kunja. Ndipo poti mdimawu umatha wokha, chilichonse chimene munthu anachita pa mphindi zimenezo chimaoneka ngati ndicho chachiza. Opemphera apemphere, koma ali m'galimoto yopita ku chipatala.

Pa zakudya ndi fodya ndisinthe chiyani?

Fodya ndiye woyamba, ndipo palibe muyezo wabwino wa iye, kaya ndi ndudu ya m'sitolo, wopichira papepala, kapena wa m'mphuno amene agogo ambiri sauwerengera ngati fodya. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kamene ndi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wobisika mu supu wa m'mapaketi, soseji, poloni ndi matemba. Chepetsani mafuta okazingira ndi nyama yonona, chulukitsani nyemba, nsomba ndi masamba. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Mowa wa pa Loweruka womwera kuledzera umakweza BP ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Ndimayendetsa kombi. Ndibwerere liti pamsewu?

Osati mawa. Sabata zoyambirira ndi zimene mdima ungabwererenso kapena sitiroko kugwa, ndipo kumbuyo kwanu kuli anthu. Ku Britain, mwachitsanzo, lamulo limaletsa woyendetsa galimoto yakeyake kwa mwezi umodzi pambuyo pa TIA, ndipo wa basi kapena lole kwa chaka chathunthu. Uzani adokotala ntchito yanu kuti akuuzeni nthawi yoyenera inuyo, ndipo akulembereni kalata ya kwa abwana. Chimodzimodzi okwera pamwamba pomanga nyumba, ogwira ntchito za magetsi ndi oyendetsa makina odula.

Mdima ukabweranso, kapena ukakana kuchoka?

Ukabweranso muli kale pa mankhwala, bwererani ku chipatala tsiku lomwelo. Kubwerezabwereza kumasonyeza kuti chiunjiko chikuthothokabe, kapena kuti mtsempha wapanikizika kwambiri moti magazi akuchita kudontha. Otere ena amaona mdima akangotuluka m'nyumba kulowa padzuwa lowala, chifukwa retina imafuna magazi ambiri pakuwala koma sakufika.

Ukapitirira mphindi 15 kapena 20 osachoka, musadikire kuti mwina uchoka. Nyamukani. Pamenepo kamtsempha kapakati ka retina kangakhale katatsekekeratu, imene ndi sitiroko ya diso. Sohan Hayreh wa ku yunivesite ya Iowa ku America anayesa pa anyani n'kupeza kuti retina imapirira pafupifupi mphindi 97 osawonongeka, koma pofika maola 4 imakhala itawonongeka kosabwerera. M'zipatala zina amaganizira mankhwala osungunula mibulu ngati munthu wafika maola 4 ndi theka asanakwane, ndiye nthawi imene munayang'ana pa foni ija imafunsidwa pakhomo penipeni. Kutikita diso ndi kupumira m'thumba la pepala, kumene ena amalangiza, sikunaonetse phindu lotsimikizika ndipo kumangodya nthawi.

Ngakhale disolo litapanda kubwerera, kufufuza khosi ndi mtima kumachitika mwachangu chomwecho, pofuna kuteteza ubongo ndi diso lotsalalo. Diso lovulalalo limafunika kuonedwanso ndi dokotala wa maso m'masabata otsatira, chifukwa retina yosowa magazi imatha kumeretsa timitsempha tachilendo timene timatseka njira ya madzi a m'diso n'kuyambitsa glaucoma yopweteka.